Mmene Amuna Anga Anasakira Apongozi Awo ndi Kamera

Amuna anga ankatha kuyang'anizana ndi mvuu osaphethira, koma mayi anga akangotulukira panjira, iwo ankalowa m'chinangwa. Sikuti panali chidani ayi. Kwawo ku Chitala anawaphunzitsa kuti mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, ndipo iwo pokhala mphunzitsi, phunzirolo analiloweza mopitirira muyeso. Mayi nawonso sankafuna kupambanidwa pa ulemu. Tsiku lina onse awiri anapatukira mbali imodzi n'kukakumana m'chinangwa momwemo, ndipo anapatsana moni atafulatirana, wina akufunsa mtengo wa mango za kunyumba, wina akuyankha chulu.

Ine zimenezi zinkangondiseketsa mpaka chaka chimene boma linasamutsira amuna anga ku sukulu ina ya ku Karonga. Masiku amenewo boma likati pita, sunkafunsa kuti chifukwa chiyani, unkangopinda mphasa. Anatiuza kuti tikakwera sitima ya pamadzi ku Chipoka mwezi ukatha. Chibadwire ndinali ndisanagonepo kutali ndi mayi. Ngakhale nditakwatiwa, nyumba yathu inali poti akatsokomola ndinkamva. Ndinachita mantha enieni kuti ndikakafika kutaliko nkhope yawo idzayamba kundisokonekera, choncho ndinafuna chinthu chimodzi chokha choti ndinyamule: chithunzi chawo.

Wojambula analipo ku Salima, koma mayi anakana kwamtuwagalu. Inali nyengo ya usipa, matandala oyanikapo nsomba ali tho, komanso khadi lawo la chipani linali litagwera m'madzi n'kufufutika.

"Ndikaime pamaso pa anyamata ofunsa makhadi pamsika aja ndi khadi losaoneka dzina? Iwe ukufuna ndikagone kumeneko eti?" anatero.

Chopweteka mtima n'choti kamera inalipo m'nyumba mwanga momwe. Mzungu wina amene ankaphunzitsa limodzi ndi amuna anga anapita kwawo kutchuthi, ndipo anawasiyira kamera ndi filimu imodzi kuti azimujambulira mbalame ndi nyama. Anawalumbiritsa kuti wina aliyense asaikhudze. Amuna anga akalumbira, alumbira. Kamerayo inkagona m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ndipo ine ngakhale kupukuta fumbi pachitinipo sindinkaloledwa.

Nditawapempha kuti ajambule mayi, anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika.

"Mukudziwa mmene amajambulira inu? Umaloza munthu kumaso, n'kutsinzina diso limodzi. Ine nditsinzinire apongozi?"

"Nanga mvuu zija mumazitsinzinira bwanji?"

"Mvuu sinandiberekere mkazi."

Tinakangana mpaka ndiwo zinapserera. Pomaliza ndinawagwira ndi mfundo yakuti munthu akakhala patali nkhope yake siioneka bwino, ndiye sungati wamuyang'ana. Anaganiza mozama, nati mfundoyo ndi yomveka. Tinagwirizana kuti mayi tiwajambule mmene amajambulira nyama zakutchire: mobisala, patali, iwo osadziwa.

Tinayambira panyanja. Mlongo wanga wamkulu, msodzi, anavomera kutitenga pabwato lake m'mawa wina, nthawi imene mayi ankayanika usipa m'mbali mwa madzi. Amuna anga, munthu wa kumtunda amene madzi ankawadziwira m'ndowa, anakwera atavala tayi, kamera ili m'khosi, manja onse atakakamira m'mbali mwa bwato. Pofuna kuti anthu asatikayikire, mlongo wanga anati tiyambe ndi nkhwazi. Anabaya kansomba ndi bango kuti kayandame, anaimba mluzu, n'kukaponya. Nkhwazi inatsika mumtengo, inatenga nsomba, inabwerera, inadya, ndipo pamene inkapukuta mlomo ndi pamene tinamva kamera ikuti tche. Anaponyanso ina. Ulendo uno amuna anga anajambula nkhwazi isananyamuke n'komwe.

Kenako tinatembenuza bwato kuloza kumtunda. Mayi anali pomwepo, dzuwa likuwawala bwinobwino. Koma atangodzutsa mutu n'kuona tayi pabwato, anatembenuka mwaulemu wonse n'kutipatsa msana. Tinazungulira mbali ina, iwonso anazungulira thandala. Tinabwerera, anabwereranso. Ndinaluma mpango wanga ndi ukali.

Mlongo wanga, poona kuti ntchitoyo ichedwa, anali ataponya mbedza. Mosayembekezera anakoka kampango wamkulu n'kumugwetsera m'bwato, pamapazi penipeni pa alamu ake. Kampangoyo anawamenya ndi mchira pamsongolo. Amuna anga anaimirira. Aliyense wobadwira kunyanja amadziwa kuti m'bwato suimirira chodzidzimuka, koma ku Chitala sanaphunzitse zimenezo. Tonse tinapezeka m'madzi, kampango anapita kwawo, amuna anga atakweza kamera m'mwamba ndi manja awiri akukuwa kuti akumira. Madziwo ankawalekeza m'chiuno.

Mayi, akadali chifulatirire, anafunsa thandala mokweza kuti, "Kodi aphunzitsi asowa madzi osamba kunyumba?"

Kamera sinanyowe, ndiye tinayesanso kuphiri. Loweruka lililonse mayi ankapita ndi amayi anzawo kukatola nkhuni m'munsi mwa phiri la Senga. Nzeru inali yakuti ife tikwere m'mamawa, tibisale kuseri kwa mwala, iwo akamadutsa m'munsi tiwajambule. Kukwera phiri utavala chitenje, pakuti akazi sitinkaloledwa thalauzi, ndi chilango chimene sindingafunire ngakhale mdani wanga. Ndinkakwawa ndi dzanja limodzi, lina litagwira mfundo. Amuna anga nawo ankaima pa chilichonse chopuma. Anajambula mbira itakhala pamwala, anajambula buluzi wa mutu wabuluu, anajambula nyani wamkulu amene anatiyang'ana monyoza kenako n'kutionetsa kumbuyo kwake.

"Filimutu ikutha," ndinawakumbutsa.

"Mwini wake anati nyama," anayankha.

Tinapeza mwala wabwino n'kugona chafufumimba. Ndinali nditanyamula chinangwa chootcha, ndipo anyani anamva fungo. Anayamba kutizungulira, akukuwa, ana awo akudumphadumpha pamwamba pathu. Nthawi yomweyo ndi imene amayi aja anafika m'munsi. Tsono amayi a kwathu anyani amadana nawo kuchokera pansi pa mtima, chifukwa cha chimanga. Atamva phokosolo anatula nkhuni n'kuyamba kugenda. Anyani, amene ntchitoyi ankaidziwa, anathawa. Tinatsala ife.

Mayi anga anali ndi dzanja. Mwala wawo woyamba unafikira pamwala wathu, wachiwiri unapeza amuna anga pathako. Ndinawanong'oneza kuti akuwe, anene kuti ndi ife. Anakana, ati mkamwini sakalipira apongozi. M'malo mwake anagwada kuseri kwa mwalako n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu, phu phu phu, miyala ikuvumba.

"Wallahi, anyani a chaka chino aphunzira mwambo!" anafuula mayi wina m'munsimo, ndipo anawonjezera kugenda.

Tinatsikira mbali ina, amuna anga akutsimphina. Titafika kunyumba anayang'ana kamera n'kunena motsitsa kuti kwatsala chithunzi chimodzi. Apo ndiye ndinawamasulira zonse za kukhosi. Ndinawauza kuti manyazi anapha lambe, kuti buluzi ali ndi chithunzi pamene mayi wondibereka alibe, kuti ku Karongako apite ndi buluzi yemweyo akawaphikire. Kenako ndinalira, kulira kwenikweni kotuluka mamina.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, ndinapita kwa mayi n'kuwaululira zonse, za bwato ndi za phiri zomwe. Anafunsa ngati mwala uja unafika. Nditavomera anati astaghafirullah, kupempha Mulungu awakhululukire, koma ndinaona kuti akondwa ndi dzanja lawo.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikufulatira chithunzi changa chomwe? Kawaitane. Tiwafunditse chitenje kumutu. Woyang'ana akhale makinawo, iwo azingodina."

Anakasamba, anadzola mafuta, anavala chitenje chawo cha pa Idi ndi mpango woyera. Anakhala pampando pabwalo, msana chilili, manja pamaondo, milomo atamanga kuti gwa, pakuti ankati munthu wamkulu saonetsa mano pachithunzi. Ine ndinatulutsa amuna anga m'nyumba atafunda chitenje changa kuyambira kumutu mpaka m'mapewa, manja okha ndi kamera zili kunja. Kamera sindinaikhudze, lumbiro linali lumbiro. Ndinagwira woinyamulayo m'mapewa n'kumamuwongolera ngati ng'ombe ya pangolo.

"Kumanzere. Ayi, kumeneko ndi kukhola. Kwezani pang'ono. Mwakwezetsa, mukujambula denga. Bwererani m'mbuyo."

Anabwerera m'mbuyo momvera, ndipo kumbuyoko kunali bakha wa mayi atagona. Bakha analira, amuna anga analira, miyendo inapita m'mwamba, ndipo ali m'njira yopita pansi ndinamva tche. Mayi anaseka mpaka anatsetsereka pampando. Mlongo wanga anachita kugubuduzika pamchenga. Ine ndekha sindinaseke. Filimu inali itatha, ndipo ndinali wotsimikiza kuti tajambula mitambo. Pasitima ulendo wonse amuna anga sindinawalankhule, kupatula powauza kuti asanzire mbali inayo.

Zithunzi zinatipeza ku Karonga patapita miyezi, mzungu uja atabwerako n'kukatsukitsa filimu. Zambiri zinali madzi ndi thambo. Pa china pankaoneka mchira wa nkhwazi ukutuluka pakona. Chooneka bwino koposa zonse chinali kumbuyo kwa nyani. Ndipo pansi penipeni panali mayi: chithunzi chopendekeka, mpango utaduka pamwamba, dzanja limodzi pamimba, kukamwa kuli yasa, mpata wa dzino lawo lochoka uli poyera. Ndinakwiya nacho. Ndinati tikadzapita kutchuthi ndidzawakoka mpaka ku Salima akajambulitse chaulemu. Ndinachiika m'sutikesi pansi pa zovala.

Tchuthicho sichinawapeze. Anadwala masiku ochepa nthawi ya dzinja, ndipo kwathu maliro sagona; pamene uthenga unkatifika anali ataikidwa kale. Ndinatulutsa chithunzi chija n'kukhala nacho pakhonde, osalira. Amuna anga anabwera kuchokera kusukulu, choko chili m'manja, n'kukhala pambali panga. Kufikira tsikulo chithunzicho anali asanachiyang'anepo. Tsiku lija chitangotuluka mu envulopu anali atatembenuza nkhope monga mwa mwambo wawo. Koma tsopano anapukuta manja pathalauzi n'kutambasula onse awiri, ndipo ndinawapatsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka misozi inayamba kudontha patayi.

"Kani ankaoneka chonchi," anatero.