Denga Langa Linawoloka Nyanja

Ukwati wathu unatha tili ndi ana atatu. Zifukwa zake ndi zathu. Ankhoswe anayesa, analephera, nkhani n'kupita kukhoti.

Ine ndinali msodzi wa ku Nkhudzi. Ndinali ndi boti limodzi lamatabwa, kainjini kakale, ndi chilimira, khoka lophera usipa ndi utaka. Mkazi wanga anali wa ku Makanjira, tsidya lina la nyanja. Ndinamutenga chitengwa, ndiye kwawoko sindinamangeko ngakhale khola la nkhuku.

Tinakasuma mvula itangoyamba. Pachipata anyamata a chipani anayamba aona makhadi athu. Kalaliki anati mlandu sungalowe popanda ankhoswe a mbali zonse. Nkhoswe wa mkazi anali mchimwene wake, alamu anga. Msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja malole sankadutsa, ndipo alamuwo boti ankaliopa. Tinadikira. Madzi ataphwa anabwera, koma tsikulo kunali msonkhano wa chipani, tonse kubwalo kukawomba m'manja. Tinadikiranso. Mlandu unalowa anthu atakolola kale, mwera ukuwomba.

Kuthetsa ukwati sikunachedwe. Nkhani inali pa katundu. Ziwiya, makina osokera ndi mbuzi zinapita kwa mkazi. Ana kwa mayi awo, monga mwa mwambo. Kenako alamu anaimirira.

"Bwana tcheyamani, mlongo wangayu wakulira kwa eni. Akabwerera kumudzi akagona pati? Mwamuna amamangira mkazi nyumba kwawo. Awa sanamange."

Tcheyamani wa khoti anandiyang'ana. "N'zoona?"

"N'zoona."

"Yomwe munkagonamo ku Nkhudzi ndi yaudzu?"

"Yamalata."

"Malatawo anagula ndani?"

"Tonse. Ine kupha usipa, iye kuyanika ndi kugulitsa."

Nkhoswe wanga anandiponda phazi. Sindinabweze mawu.

Chigamulo chinali ichi: ndikamange nyumba ku Makanjira, yanjerwa, yamalata, mvula yoyamba isanagwe. Ikapanda kutha, amesenjala a khoti adzatenga boti ndi injini, kugulitsa, ndalama kupatsa mkazi. Pepala lothetsa ukwati ndidzalandira nyumba itatha.

Panja alamu anaseka. "Alamu, botilo mulitsukiretu. Ogula safuna fungo la utaka."

"Mudzagule ndinu," ndinatero. "Paja mumanjenjemera ndi madzi a m'beseni."

Ndinayankha choncho, koma mtima sunali pamalo. Msodzi wopanda boti ndi waganyu. Pa msinkhu wanga sindikanapita kukakoka zingwe m'boti la mnzanga.

Njerwa ndinaumba ndekha kudambo la ku Makanjira, n'kuziwotcha. Ndinkagona kugombe, m'mbali mwa boti. Mwamuna amene ukwati watha sagona pamudzi pa apongozi. Mwezi ukada ndinkabwerera kukapha nsomba, ukawala ndinkapita kukamanga. Makoma anafika pamutu dzuwa litayamba kuwotcha mapazi.

Pa malata ndi pamene ndinakakamira. Chaka chimenecho mwera unakhalitsa, usipa unavuta. Ndinapita kusitolo ku boma, ndinamva mtengo, ndinatuluka. Wamalonda wina anabwera kudzafunsa za injini ngati kuti ndamwalira kale. Ndinamuonetsa njira. Uku mitambo itayamba kusonkhana pamapiri a kum'mawa.

Ndinabwerera ku Nkhudzi, ndinatenga hamala, ndinakwera padenga la nyumba yanga. Misomali ndinazula umodziumodzi, n'kuiwongola pamwala. Anzanga a pagombe anaima pansi, makosi m'mwamba.

"Achimwene, mwapenga kodi?"

"Landirani lata ili, musiye kufunsa."

Malatawo tinawasanja m'boti, mphasa pakati, n'kumanga ndi zingwe za chilimira. Ndinanyamuka m'mawa nyanja ili bata, ndi mnzanga mmodzi wokapa madzi. Boti linalemedwa, madzi pafupi ndi m'milomo mwake. Tili pakati mpoto unadzuka. Mphepo ikalowa pansi pa lata imafuna kunyamula zonse. Mnzangayo anagona pamwamba pa malata chafufumimba, ine ndili pa injini, mafunde ndikuwadula cham'mbali. Tinakocheza titanyowa mpaka m'makutu. Lata silinatayike ndi limodzi lomwe.

Lata lakale lili ndi mabowo ake kale. Ukangokhoma chisawawa, nyumba imadontha ngati dengu. Ndinayeza mabowowo ndi bango, mitengo ya denga ndinaika motsata muyesowo, msomali uliwonse kulowa pabowo lake lakale. Timabowo totsala ndinamata ndi phula lomatira boti.

Mesenjala anabwera pa lole kudzaona. Alamu anali naye limodzi, atangotuluka kumzikiti, mkanjo uli mbee. Anazungulira nyumba, akugogoda makoma. Sanapeze chonena mpaka atayang'ana kumwamba.

"Awa ndi malata akale. Khoti silinanene zakutha."

"Khoti linati yamalata," anatero mesenjala.

"Adontha amenewa. Mlongo wanga azigona ndi ambulera?"

Mayi a ana anga anali chiimire pakhomo, mwana wamng'ono ali kumbuyo kwawo. Analowa, anayang'ana denga kwa nthawi. Panali lata lina lakuda ndi mwaye, la pamene tinkaika nyali.

"Achimwene, asiyeni," anatero. "Malatawa ndikuwadziwa. Ndagona pansi pake zaka zonsezi, sanandidonthere."

Alamu anatsokomola, n'kupita kukaona chitseko.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. "Nanga inu bambo a ana, mukagona pansi pa chiyani?"

"Udzu ulipo."

Khoti litakhalanso, mesenjala ananena zimene anaona. Tcheyamani anafunsa ngati mbali ya mkazi ili ndi dandaulo. Alamu anapukusa mutu. Anandipatsa pepala langa, ndinatuluka.

Mvula inandipeza ndisanamalize kufolera kwathu. Udzu wabwino anthu anali atamweta kale, wanga unali wotolatola. Dzinja limenelo ndinkasuntha mphasa uku ndi uku, kufuna pouma. Koma kukacha ndinkatsikira kugombe, n'kukankhira m'madzi boti langa.