Bulu Sadya Mwezi, Amadya Chaka

Nkhope ya agogo anga aamuna, a Zalimba, inafufutika kalekale m'mutu mwanga. Ndimawakumbukira ndi mphuno. Fungo la ndowe zofunda, mkodzo wa m'khola, gaga wonyowa ndi thukuta la chiweto chimene chaswera padzuwa likangondilowa, ndimaona mdala wamtali uja ataima pakhomo la khola kwathu ku Dedza, zenga ali paphewa, akukalipira bulu ngati akukalipira mwamuna mnzake pabwalo. Ndipo fungo limeneli linadzandipeza kumene sindinkaliyembekezera, kuno ku Birmingham, ine mutu uli mbuu.

Mundimvetse bwino, kuno sindinabwere kudzapempha. Mwana wanga Esinati, amene ndi nesi, anachita kundiitanitsa mayi ake atamwalira, kuti ndizimuonera mwana wake Tamanda iye akakhala ku shifiti. Koma nyumba ya ku Kings Heath inandikana. Mawu anga ndi aakulu, makoma ake ndi opyapyala, ndikangoti ndiseke aneba agogoda. "Adadi, tsitsani mawu, kuno si kudambo," Esinati ankatero. Ndiye ndinkatuluka n'kumayenda mumsewu wa masitolo wautali uja, kupita, kubwera, kupitanso, ngati galu wosowa mbuyake. Mtima wonse unali ku Dedza, kumene ndinasiya nyumba yanga ya njerwa zowotcha, makoma atatha koma denga palibe. Esinati ankapatula kangachepe mwezi ndi mwezi kogulira malata, ndipo pangano lathu linali lomveka: malata akakwanira, ine ndikwera ndege.

Tamanda anali mwana wosayankhula, kusukulu analibe mnzake. Chimene chinkamutsegula pakamwa chinali kahatchi kokalamba kotchedwa Bisiketi, kamene banja lina linangomusiyira mwana wawo atakula. Tinkakasungitsa kwa mayi Doreen, mzungu wa manja ong'aluka ngati a mlimi wa fodya, amene anali ndi makola a mahatchi a anthu uko kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Tsiku loyamba kumuperekeza, nditangotsika basi, mphepo inandimenya ndi fungo lija. Ndinaima chilili pamsewu. Mwanayo anandikoka jekete: "Agogo, come on!" Ine ndinali nditafika kale kwathu, ndili kamnyamata kosavala nsapato.

Agogo a Zalimba anaphunzira ntchito ya ziweto ali mnyamata, posamalira mahatchi a mzungu wina wa fodya. Mzunguyo atachoka ndi mahatchi ake, iwo anatsala ndi luso lokha, ndiye anamanga khola lalikulu kuseri kwa nyumba n'kuyamba kusunga abulu a anthu ochita malonda, a kachewere, a nkhuni, a miphika, amene analibe nthawi yoweta. Kukacha, tinkadzutsidwa ndi kulira kwa abulu kong'amba khutu kuja, kenako phokoso la zenga akumunola pamwala, utsi wa ndowe zouma zimene ankafukiza pothamangitsa ntchentche ukulowa m'nyumba mpaka m'mabulangete. Malipiro awo anali tiki, kandalama kasiliva kakang'ono ngati chikhadabo, pa bulu aliyense mwezi ndi mwezi. Dzinja, masika, chilimwe, tiki yomweyo. Sankakweza, sankatsitsa.

Anthu ankang'ung'udza makamaka nthawi ya masika. Chimanga chikachoka m'minda, ziweto zimangotayidwa, zimadya mapesi zokha popanda mbusa, ndiye munthu ankaona ngati mdalayo akulandira ndalama atagona. Koma miyezi imeneyo ndi imene agogo sankakhala pansi. Ankatuta mapesi ndi masamba a mtedza m'minda n'kumaunjika pathandala lalitali limene mbuzi sizikanafikira, ankayenda m'makomo kugula gaga akadali wotchipa n'kumuyanika kuti asachite nkhungu, ndipo madzulo ankabwera msana wonse uli ndi zoyabwa, akutukwana abulu mmodzimmodzi ndi mayina awo.

Bambo anga, a Banda, anali mkamwini pamudzipo, ndipo kunyada kwangaku ndinatengera iwo. Tinali ndi bulu mmodzi wotuwa, Kamtedza, amene ankanyamula miphika ya mayi anga kupita nayo kumsika. Tsiku lina la masika bambo anafika pakhola ndi chingwe m'manja, ine ndili pambuyo pawo.

"Apongozi, bulu uja ndikumutenga. Mapesi ali mbwee m'minda monsemu. Tiki ndikulipirira chiyani?"

"A Banda, takhalani pansi."

"Ndaima bwino."

"Tiki yanu ya mwezi uno si ya mwezi uno ayi," agogo anatero, osasiya kumanga mtolo. "Ndi ya mwezi umene tchire lidzapse. Bulu sadya mwezi, amadya chaka."

"Tchire likadzapsa tidzaonana."

"Mukamutulutsa, pathandala apa gawo lake palibe."

Bambo anaseka. Ndani angamane mwamuna wa mwana wake? Anamanga Kamtedza chingwe n'kutuluka naye, ndipo kunena zoona miyezi yoyambayo buluyo ananenepa mpaka kunyezimira, bambo akumadutsa naye dala pafupi ndi khola akuimba mluzu.

Kenako dzuwa linakwiya. Osaka mbewa anatentha tchire, minda inasanduka phulusa, mphepo ikumanyamula mwaye n'kumatithira m'maso ndi m'madzi akumwa. Kamtedza anayamba kudya makungwa a mitengo ndi udzu wa padenga la nkhokwe, nthiti zikuwerengeka, akumagwada pansi pa katundu amene kale ankathamanga naye. Bambo sanafune kupita okha. Anatsogoza mayi, iwo n'kuima patali.

Mayi anagwada pakhomo la khola. "Atate, ndi bulu wa adzukulu anu."

"Ndikumudziwa, ndinamubadwitsa ndine." Agogo analoza bulu wa a Nachisale, mayi wamasiye wogulitsa nkhuni. "Awo analipira miyezi yonse imene bulu wawo akanadya zaulere. Ndikatapa pathandala apa, ndatapa mkamwa mwa bulu wawo. Akaonda ndiwauza chiyani? Kuti pepani, ine ndili ndi mkamwini?"

Anatsitsa zenga paphewa, n'kumuika pansi cha kumene kunaima bambo. "Kudambo la kuseri kwa phiri nsenjere zikadalipo. Ndi kutali, koma zilipo."

Bambo anayang'ana zengayo, anayang'ana apongozi awo, n'kutembenuka. Amene anamutola ndi mayi. Tinkapita awiri kudambo kuja, kubwera ndi timitolo tosakwanira ndi mbuzi yomwe, miyendo itatemekatemeka. Mvula ya chizimalupsa itagwa, msipu wanthete unatuluka paphulusa, Kamtedza anaudya mwadyera m'mimba muli gwaa, anatsegula m'mimba, ndipo m'mawa wina tinamupeza atagona kuseri kwa nkhokwe, ntchentche zili pamaso. Agogo anabwera ndi khasu lawo, anakumba dzenje okha, anamukwirira, n'kubwerera kukafukiza utsi m'khola. Mayi anayamba kusenza miphika pamutu. Bambo sanadyenso mbale imodzi ndi agogo mpaka imfa, ndipo ine ndinakula ndikunena poyera kuti mdala uja anali ndi mwala m'chifuwa.

Tsono kuno ku Ulaya, poyamba ndinkaseka. Dziko lobiriwira chaka chonse, mvula tsiku lililonse, chiweto chingafe bwanji ndi njala? Ndinauza Esinati kuti agogo akanakhala kuno akanasowa chonamizira. Koma nyengo yozizira yoyamba inandiphunzitsa. Udzu umaoneka wobiriwira koma sukula, minda imasanduka matope ofika m'mawondo, madzi a mu ndowa amauma gwa ngati galasi mpaka kuwaswa ndi chidendene, ndipo mahatchi amatsekeredwa m'makola akudya udzu wouma wa m'mitolo umene mayi Doreen ankakoka pa wilibala, mpweya ukutuluka mkamwa ngati akusuta. Ndinati oho, kani lupsa la kuno ndi loyera.

Dzuwa litabwerera, mitengo itaphuka, Esinati anatitengera kumakola pagalimoto Loweruka lina, maso ali psuu chifukwa cha ntchito. Tamanda anathamangira kwa kahatchi kake. Ife tinatsamira mpanda, udzu uli wofika m'chiuno.

"Adadi, taonani udzu uwu," anatero. "Hatchi ikugona panja, ikudya zomera zokha, koma bilu ndi yomwe ija ya Januwale. Amayi awa akutibera. Mnzanga wa ku wodi ali ndi achimwene ake ali ndi munda, summer yonse pafupifupi ulere. Tikamusamutsira kumeneko, zotsalazo zikwaniritsa malata anu. Kukayamba kuzizira tidzamubweza. Inu chaka chino chomwe muli ku Dedza."

Chaka chino chomwe! Ndinaona khonde langa, mpando wanga wa ndalema, anthu akundimva kuchokera kuchigayo popanda wogogoda khoma.

Esinati anaitana mayi Doreen n'kuwafotokozera. Chingerezi changa ndi cha pa esiteti, koma ndinamva. Mayiwo anapukuta manja pa thalauza, n'kuloza shedi imene inali yopanda kanthu. Anati udzu wouma wa nyengo yozizira amagula tsopano, alimi akangomweta, ukadali wotsika mtengo, ndipo amagulira ndalama za miyezi yofewayi. Anati akanafuna akanamatsitsa dzuwa likawala n'kumakweza kawiri kukazizira, koma anaona anthu akulephera n'kugulitsa mahatchi awo pakati pa chisanu. Ndipo anamaliza mosakweza mawu kuti Bisiketi akatuluka, khola lake apatsa wina, pakuti odikira alipo.

Tsitsi linandiimirira. Mzungu wamkazi wa mabuti a mphira, koma mawu ake a Zalimba enieni, mpaka kaimidwe.

"Akungotiopseza," Esinati anandinong'oneza. "Sangamane mwana."

Bambo anga nawonso anatero kalelo.

Ndinayang'ana kumunda. Tamanda anali atakumbatira khosi la kahatchi kaja, akukabwebwetera nkhani zimene ife kunyumba sitinkazimva. Kanali kokalamba, msana wolowa, mano otha, kosati n'kupirira mwezi umodzi wa matope popanda denga.

"Hatchi iyi sichoka pano!"

Ndinakuwa, sindikana. Mahatchi onse anadzutsa mitu, galu wa pamakola anathawira pansi pa galimoto.

"Adadi, anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane, ndine mwamuna wooneka bwino. Iwe Esinati, bulu sadya mwezi, amadya chaka."

"Si bulu, agogo, it's a pony," Tamanda anayankha ali kutali.

"Khala chete iwe, onse ndi a makutu!"

"Nanga malata?" Esinati anafunsa, chifukwa ankadziwa mmene ndinkawerengera miyezi. "Zonse ziwiri sindingakwanitse, adadi. Ndikugwira kale mashifiti owonjezera."

"Malata adikire. Nyumba siifa ndi njala."

Ndinanena mokweza kuti ndisabweze. M'galimoto pobwerera ine ndinangoyang'ana pawindo. Sindinachitire mayi Doreen, sindinachitire ngakhale agogo. Ndinangoona kuti dzenje lija ndinaliona kamodzi likukumbidwa, ndipo kuno nthaka ya Januwale khasu silingalowe.

Mvula ya chaka chimenecho inagwera m'zipinda za nyumba yanga ku Dedza, ndipo mphwanga anaimba foni kuti pabalaza pamera bonongwe, khoma limodzi lachita mng'alu. Ndinamutukwana, kenako ndinatuluka kukayenda mumsewu wa masitolo uja mpaka miyendo inawawa. Malata anadzakwanira mochedwa, mawondo anga atayamba kale kufuna madokotala a kuno, ndipo mpaka lero ndikadali ku Kings Heath, ndikumati chaka chamawa, chaka chamawa.

Koma Bisiketi anadutsa chisanu chimenecho ndi zina zambiri ali m'khola louma, akupukusa udzu umene unagulidwa dzuwa likuwala, ndipo anafa ndi ukalamba, mimba ili yokhuta. Agogo sindinawakhululukire zonse ayi. Mtolo umodzi wokha wa mapesi sukanagwetsa thandala lija, ndipo tikadzakumana ndidzawauza pamaso, mokweza. Chimene ndinasunga ndi jekete limene ndinkavala kumakola. Esinati walichapa kangapo, akuti likununkhitsa nyumba, analipachika kushedi ya kuseri. Mtima ukayamba kuyendayenda, makoma akandipanikiza, ndimapita kushediko, n'kuika mphuno pakolala, ndipo mdala uja amatulukira ndi zenga wake paphewa, tiyambirenso kukangana.