Mathero a Nyimbo ya Ba Evaristo

Ba Evaristo Mvula anafika ku Kafue ali kamnyamata, potsatira bambo awo amene anachoka ku Chadiza kudzagwira ntchito ya njanji. Anakulira m'nyumba za kufupi ndi siteshoni, ndipo pakhomo loyandikana ndi lawo panali mnyamata wina, Morris Sakala. Awiriwa ankapanga mabanjo a zitini za mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Komboni yonse inkadziwa kuti wa khutu lakuthwa anali Evaristo. Morris ankangotsatira.

Koma tsiku limene wansembe wina wachizungu anabwera kusukulu kudzasankha mwana woti amuphunzitse vayolini, Evaristo anali gone ndi malungo. Anatengedwa Morris. Kuyambira pamenepo njira zawo zinasiyana. Morris anapita ku Lusaka, kenako kunja kwa dziko, pamene Evaristo analowa ntchito ku fakitale ya feteleza, nakhala komweko mpaka imvi zinachita mbuu. Anakwatira Clementina, mtsikana wa m'kwaya, nalera ana, ndipo kwa zaka zambiri ankatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwawo. Sanali munthu wodandaula. Kungoti dzina la Morris likatchulidwa m'nyumba, ankapeza chochita panja.

Lamlungu lina chaka chatha, kutchalitchi analengeza kuti Ba Morris Sakala, mwana wa konkuno, abwera ndi anzawo atatu kudzaimba mu holo nyimbo zosowa kwathu kuno.

"Bashi Melody, tizayenda, ai?" anafunsa Ba Clementina ali m'njira yobwerera, powaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Kukaona chani? Bantu banayi chabe, kulibe ng'oma, kulibe woimba pakamwa. Ni maliro?"

"Ni munzanu uja."

"Enze munzanga."

Loweruka masana anapitabe. Chimene chinawanyamula n'chakuti Ba Clementina anatulutsa diresi yachitenje imene ankaisunga kuti adzavale pa ukwati wa mwana wawo Melody, ndipo Ba Evaristo sakanalola kuti diresi imeneyo ikafike ku holo yokha.

Anthu anadzaza mabenchi. Kutsogolo kunali mipando inayi yokha. Morris, wadazi tsopano, atavala malaya akuda, anagwira vayolini. Anyamata awiri anali ndi zawo, ndipo mayi wina anakhala atapanira pakati pa mawondo chivayolini chachikulu choimika pansi. Anayamba ndi nyimbo zakunja, zoyenda pang'onopang'ono. Ba Evaristo anapinda manja n'kudikira kuti wina aphonye. Palibe anaphonya. Oimbawo ankangoyang'anana n'kupumira limodzi, wina akasiya mawu mnzake n'kuwatola. Holo inati zii, moti ma minibasi a pa msewu wa ku Lusaka ankamveka patali. Zinali zokoma, ndipo kukomako n'kumene kunkawawa.

Kenako Morris anaimirira. "Iyi yomaliza ni ya makolo athu a kum'mawa," anatero. "Amene anaipanga sitimuziba."

Atangokoka uta wake, Ba Evaristo anaizindikira. Inali nyimbo yawo. Anaipeka okha kuseri kwa nyumba, pa banjo ya chitini, chaka chimene amayi awo anapita ku Chadiza kukadwazika agogo n'kumwalira komweko. Tsopano inkatuluka m'manja mwa Morris itavala bwino, chivayolini chija chikuibuulira pansi. Atacheuka anaona Ba Clementina misozi ili chuchuchu, osaipukuta n'komwe. Zaka zonse zimene iwo anaimitsa kwaya, mkazi wawo sanalirepo chotere. Anthu anaimirira kuwomba m'manja. Ba Evaristo anakhalabe pansi.

Panja Morris anawathamangira, manja ali tambalala. "Evaristo, mwana! Uli shani?"

"Nyimbo ija ni yanga."

Morris anaima kukamwa kuli yasa. "Zoona? Ine nenze kuganiza ni ya bamai bako. Nikhululukire, boyi. Kuyambira lelo nizayamba kukutchula." Anawagwira paphewa. "Manje tandiza. Ili na kwake kothera, ine kunanitaika kudala. Timangoidula pakati. Niimbireko."

"Nakuiwala," anatero Ba Evaristo.

Ba Clementina anawayang'ana m'mbali. Mathero amenewo ankawamva m'mawa uliwonse, amuna awo akamameta ndevu.

Morris sanagonje. Anatenga nambala ya foni ya Ba Clementina, poti Ba Evaristo anati yawo ndi yowonongeka, ndipo ankaimba pafupipafupi kufunsa ngati mnzake wakumbukira. Mafoniwo ankatalika. Ankakumbutsana za aphunzitsi akale, za mlatho wa njanji, za nsomba zimene zinkapezeka mumtsinje kale, Ba Clementina akuseka mpaka kutsokomola. Ba Evaristo ankamvetsera ali pakhonde, nyuzipepala ili m'manja koma osawerenga.

Tsiku lina analephera kupirira. Analanda foni ija. "Mvera bwino, sinizabweza," anatero. Ndipo anaimba mathero abodza, opeka pomwepo. Pamene nyimbo yeniyeni imatsika n'kugona, iwo anaikweza, kuikhotetsa, n'kuisiya lende m'mwamba. Ankafuna Morris akachite nayo manyazi pagulu.

Patapita miyezi, Melody anabwera kunyumba akuthamanga, foni m'manja. "Badadi, onani!" Inali kanema ya ku Lusaka, mu holo yaikulu. Morris anauza anthu kuti nyimboyo anaipeka Evaristo Mvula wa ku Kafue. Ndipo anayi aja atafika pa mathero okhota aja, anawaimba mofatsa kwambiri, mawu omaliza n'kutsala m'mwamba ngati funso losayankhidwa. Anthu anaimirira onse.

"Mwaona? Bakutchulani," anatero Ba Clementina.

"Banitchula. Manje amene aweramira bantu nindani?"

"Imwe mudala, mufuna chani kansi?"

Ba Evaristo anatuluka panja. Chinkawapweteka n'chakuti ngakhale chinthu chimene anachipeka mwa mkwiyo, Morris anangochigwira n'kuchisandutsa chokoma.

Mlungu wotsatira Ba Evaristo anaitana anzawo anayi a m'kwaya, okalamba okhaokha: Ba Felistus, Ba Gwendolyn, Ba Levy ndi Ba Jailos amene mawu awo amatsika mpaka pansi. Amakumana Lachitatu masana mu holo yomwe ija, chitseko chotseka, mafoni onse atasiyidwa pawindo. Akuwaphunzitsa nyimbo yonse ndi mathero ake enieni, ndipo aika mawu onena za mayi amene anakwera basi ya kum'mawa. Ba Gwendolyn akuti sanafikepo kumapeto osalira.

Morris anamva za nkhaniyi kwa Ba Clementina, napempha kuti amutumizire pa foni. Ba Evaristo anakana. Anati amene akufuna kuimva abwere yekha, adzakhale pa benchi ngati wina aliyense. Morris wavomera kubwera pa Pasaka. Malo ake Ba Evaristo asankha kale: benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kutali ndi pamene Ba Clementina amakhala.