Masiku Amene Sabina Ankawathawa

Tsiku limene mlamu wake anafika ndi mtsikana wa ku Golomoti, Sabina anali pakhonde akupeta mpunga. Mtsikanayo ananyamula kachikwama ka zovala, maso ali pansi.

"Ndakubweretserani wokuthandizani kupeta, alamu," anatero mchemwali wa mwamuna wakeyo. "Mpunga wachuluka chaka chino."

Mpunga sunachuluke ayi. Aliyense m'mudzimo, kuseri kwa Mtakataka, anadziwa chimene mtsikanayo anadzera: kudzaberekera mwamuna wa Sabina. Sabina anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi pabanja ndi Fabiano, osaima ngakhale kamodzi. Anzake amsinkhu wake anali atasiya kalekale kuitanidwa maina awo. Uyu make Onani, uyo make Tamanda. Iye yekha Sabina, Sabina, ngati mwana wa sukulu.

Fabiano anamukweza kabaza mtsikanayo n'kumubweza kwawo tsiku lomwelo. Atabwerako anakhala pa mtondo wogubuduza, nayang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

"Lero ndakana," anatero. "Koma amalume akuti tikadzakolola chaka chamawa zili chomwechi, aitana ankhoswe ako. Ndatopa, Sabina. Sindikudziwa ngati ndidzakanenso."

Sabina sanalire. Misozi nayonso imatha. Anatola lichero n'kupitiriza kupeta.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pa vuto lomweli, simukufunika kuuzidwa mmene kutopa kumeneku kumakhalira. Sabina anamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse. Anatemeredwa mphini m'chiuno. Anasala kudya, anapemphereredwa mpaka mawu kusasa. Mwezi ukatha, msambo uja uli pompo, osaphonya.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sanauzepo munthu, kupatula azakhali ake, a Namaliya. Atangolowa m'banja, Sabina anaona kuti pakati pa mwezi pamabwera chikazi choyera, choterera, chotamuka ngati choyera cha dzira laliwisi. Anachita mantha. A Namaliya atamva anapukusa mutu.

"Amenewo ndi mauka, mwana wanga. Amapha mbewu ya mwamuna. Ukaziona zimenezo usamuyandikire, uzitawasa ndi mankhwala awa mpaka ziume."

Azakhaliwo sanali oipa mtima. Ananena zimene nawonso anauzidwa. Ndipo Sabina, mwana womvera, anasunga langizolo mwezi ndi mwezi. Masiku amenewo akafika ankadandaula mutu, kapena kupita kukagona kwa mayi ake. Zikauma ankabwerera kwa mwamuna wake mtima uli m'malo, poganiza kuti tsopano ali bwino.

Lamulungu lina, mapemphero atatha ku Mua, amayi anauzidwa kuti atsalire. Kunabwera mayi Fagness, namwino wopuma pa ntchito, kudzaphunzitsa kulera kwachilengedwe kwa amene atopa ndi kubereka pafupipafupi. Sabina sanafune kutsalira. Kulera chiyani iye? Koma dzuwa linali litakwiya panja, ndipo kutuluka yekha pamaso pa amayi onse aja kunali kochititsa manyazi kuposa kukhala. Anakhala kumbuyo kwenikweni, atatsamira khoma.

"Mukaona chikazi choterera, chotamuka ngati dzira laliwisi," anatero mayi Fagness, "dziwani kuti thupi likukonzekera kutulutsa dzira. Ngati simukufuna mimba, masiku amenewo bambo agone kumpanda."

Amayi anaseka chikhakhali. Sabina yekha sanaseke.

Onse atatuluka anawatsatira mayi Fagness mpaka pansi pa mtengo wa mango, nawafotokozera zonse. Mayi Fagness anamufunsa ngati zimayabwa kapena kununkha. Sabina anati ayi.

"Ndiye si matenda amenewo," anatero mayiwo. "Mwana wanga, iwe wakhala ukulera zaka zonsezi, ndipo walera bwino kuposa onse ndimawaphunzitsa muja."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komatu Sabina anafunsa. Chomwe chimandipweteka ine n'chimenecho.

Musaganize kuti nkhani yathera apa. Mayi Fagness sanamulonjeze mwana. Anamuuza kuti apite kuchipatala pamodzi ndi mwamuna wake akayezedwe onse awiri, chifukwa vuto silikhala kwa mkazi yekha. Kenaka anamubwereka themometa, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Anamuuza kuti aziiika pansi pa lilime m'mawa uliwonse akangotsegula maso, asanadzuke, asanayende, n'kulemba nambala yake pa kalendala. Chikazi chija chimachenjeza kuti dzira lili pafupi. Likatuluka, thupi limatenthera pang'ono, pang'ono zedi, ndipo limakhala choncho mpaka msambo utayandikira. Zizindikiro ziwirizo zikagwirizana, mkazi amayamba kulidziwa thupi lake.

Zomveka zosavuta, eti? Kumudzi mkazi ndiye woyamba kudzuka. Tambala akalira ayenera kukhala ali pa mjigo. Tsono uyu ali gone pamkeka, kanthu kali m'kamwa, anzake akudutsa ndi ndowa. Anthu anayamba kunena. "Kubereka kwamukanika, tsopano ndi kusesa komwe." Apongozi ake anafunsa Fabiano ngati mkazi wake wayamba kusuta fodya wachizungu.

Za kuchipatala Fabiano anakana poyamba. Mwamuna wanji wokayezetsa zimenezo? Anazengereza milungu ingapo, kenaka tsiku lina anavala malaya ake a kutchalitchi n'kutsogola. Kuchipatalako anawapeza alibe vuto lalikulu onse awiri. Kuyambira pamenepo, m'mawa mkazi wake ali ndi themometa m'kamwa, iye ankatenga tsache n'kusesa pabwalo, anthu akuona.

Mwezi woyamba manambala anali balala, osamveka mutu wake. Mwezi wina malungo anamugwira Sabina, thupi linatentha lonse, zolemba za mwezi umenewo n'kupita pachabe. Nthawi ya chilimwe, pamene ku Mtakataka munthu amadzuka ali thukuta lokhalokha, ankayang'ana nambala ija osaikhulupirira. Mvula inagwa, anawokera mpunga, mpunga unakula. Msambo unkabwerabe.

M'mawa wina anaiponya themometa ija m'dengu la chimanga nati, "Basi, ndalephera." Anagona chafufumimba mpaka dzuwa kukwera. M'mawa mwake anakaivuukula yekha, naipukuta ndi chitenje. Sanachite zimenezo chifukwa cha chikhulupiriro chachikulu ayi. Analibe kwina kolowera.

Mpunga utayamba kucha, Fabiano anasamukira ku msasa ku sikimu ya mpunga ya Bwanje kukaingitsa mbalame, monga ankachitira chaka chilichonse. Kukolola kunali pafupi, ndipo amalume aja anali atayamba kale kufunsa za tsiku. Ndi sabata imeneyo pamene chizindikiro chija chinabwera, chooneka bwino.

Kale Sabina akanathawira kwa mayi ake. Tsiku limenelo anamanga kamtolo ka ufa ndi usipa, nakwera kabaza dzuwa lili pamutu. Anamupeza mwamuna wake pakati pa munda akuomba chitini, kukhosi kutauma ndi kukuwa.

"Kwagwanji kunyumba?" anafunsa Fabiano.

"Sikunagwe kanthu. Ndabwera kudzakhala kuno masiku angapo."

"Nanga anthu aziti chiyani?"

"Anena kale zonse, abambo. Chatsala n'chiyani?"

Themometa anaitenga, ndipo ankaiika m'kamwa mumsasa momwemo, mbalame zikuyamba kulira m'mpungamo. Thupi linatenthera monga mwa nthawi zonse. Atabwerera kunyumba anadikira kuti nambala itsike, msambo ubwere, ayambirenso. Sinatsike. Anadikirabe, osauza munthu, poopa kudzinamiza. Mpunga unamwetedwa, unapunthidwa, nambala ili pomwepo.

Anapita kuchipatala yekha. Namwino atamuuza kuti ali ndi pakati, Sabina sanasekerere. Anangopempha kuti akhale kaye pabenchi, chifukwa kutopa kwa zaka zonse zija kunamutsikira m'miyendo nthawi imodzi.

Ankhoswe sanaitanidwe chaka chimenecho. Mwana anabadwa nthawi ya mvula, wamkazi, ndipo anamutcha Olivia. A Namaliya anabwera ndi nkhuku. Sabina anawalandira bwino, kenaka anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mwaulemu za mauka aja, chifukwa kumudzi kwawo kuli atsikana ena amene akukula.

Abale anga, sindikunamizani kuti themometa imapatsa mwana. Alipo amene anayeza mokhulupirika koma anafunika thandizo lina la kuchipatala, ndipo alipo amene akudikirabe. Koma thupi lanu lidziweni. Chimene chikukuopsani kafunseni kwa odziwa, ndipo yankho likakhala lokayikitsa kafunseninso kwina. Abambo, perekezani akazi anu, nanunso mukayezedwe.

Tsiku lina ku mjigo mayi wina anaitana, "Make Olivia, ndowa yanu yadzaza." Sabina sanatembenuke. Mayiyo anaitananso kachiwiri, madzi akusefukira pansi, ndipo m'pamene anazindikira kuti akunena iye.

Ngati mwatopa, topani, si tchimo. Ponyani m'dengu lero ngati mukufuna. Koma mawa kukacha kavuukuleni, mtima wokhawo musautaye.