Chipongwe Chovala Ulemu

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anatipatsa misozi koma sanatimane kuseka. Ndikumuthokozanso chifukwa cha mkulu wina amene sindinakumanepo naye. Sabata yatha, ndili m'sitima ya Metro kupita kuntchito ku Foggy Bottom, ndinawerenga pa foni kuti wamwalira mmodzi wa anthu amene ankalemba masewero akale oseketsa a pa TV, aja munkamveka khamu la anthu osaoneka likuseka. Maganizo anga anathamangira kwa mayi anga.

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba kuno kunja, ku Laurel, titangochoka ku Malawi, ndili kamtsikana ka kupulayimale. Bambo ankalawirira kuntchito, ine kusukulu, mayi n'kutsala okha m'nyumba yam'mwamba yonunkha kapeti, mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira. Ku Zomba kuseka kwawo kunkamveka mpaka kumpopi, koma kuno anangoti zii. Chingerezi cha kuno chinkawathamangira. Wogulitsa wina m'sitolo atawabwerezetsa mawu pamaso pa anthu, anasiyiratu kutuluka. Tsiku lina tikudya anauza bambo kuti Pasaka akadyera ku Zomba ndipo sadzabweranso, ine nditsale chifukwa cha sukulu. Kuyambira pamenepo pemphero langa linali limodzi: Ambuye, musalole kuti mayi apite.

Yankho ndinkaliyembekezera kutchalitchi. Linadzera pa TV.

Ndikaweruka kusukulu, ankaonetsa sewero lakale la bambo wina wadazi, wometa anthu tsitsi, ndi mwana wake wamkazi wapakamwa. Mayi sankalikonda. Akamva kuseka kuja ankafunsa kuti, "Anthu amenewa akuseka ndani?" ngati kuti akusekedwa ndi iwo. Koma tsiku lina, akusita malaya a bambo, anati, "Tadala, akuti chiyani mtsikanayo?"

Ndinamasulira mmene ndinamvera. "Akuti, iwe bambo, mutu wako ukuwala."

"Iwe? Kwa bambo ake omubereka? M'nyumba muno mawu amenewo ayi. Ukamamasulira, uzimulankhulitsa ngati mwana woleredwa."

Ndinamvera. Mtsikana uja atatsegulanso pakamwa, ndinagwada pakapeti, manja pamodzi, n'kutsitsa mawu. "Akuti, zikomo bambo, pepani ndithu, ngati sikukuvutitsani, mungaphimbeko mutu wanuwo? Ukutithobwa m'maso, tikulephera kuwerenga."

Mayi anandiyang'ana, n'kuyang'ana dazi lija. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kenako kuseka kwa ku Zomba kuja kunatuluka konse, mpaka anakhala pansi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Tinadzidzimuka ndi fungo la nsalu yopserera, simbi ili pa kolala. Mawa lake bambo anavala malaya omwewo mkati mwa jekete, osadandaula.

Chiyambire tsiku limenelo, chipongwe chilichonse cha m'seweromo chinkafika kwa mayi chitavala ulemu. "Akuti, amalume, ulesi wanuwu ndi mphatso, muusamale." Lamlungu mayi ankakafotokozera anzawo a ku Zambia panja pa tchalitchi, iwo n'kumagwira nthiti, amvekere, "Mwatipaya, amake Tadala." Posakhalitsa anayamba kundidula mawu. "Wanama, sananene choncho." Ndinazindikira kuti Chingerezi chija ayamba kuchimva.

Pasaka itayandikira, bambo anafunsa mosamala za tikiti ya ndege. Ine ndinasiya kutafuna. Mayi anapitiriza kugawa ndiwo, osakweza maso.

"Dikirani kaye. Ndiyambe ndaona ngati mwana wa adazi aja akwatiwe."

Sanakwatiwe. Sewerolo likafika kumapeto, ankaliyambanso poyambirira, mtsikana uja n'kubwerera kusukulu. Mayi ali kuno mpaka lero, ndipo ndiwo amaima pakhomo la tchalitchi kulandira alendo m'zilankhulo ziwiri.

Masiku ano ana anga aliyense amaseka payekha, foni m'manja, timawaya m'makutu. Ndikafunsa chimene chawaseketsa, amandiyankha m'Chingerezi kuti sindingamvetse. Ife tinali ndi TV imodzi, ndipo nthabwala inkadutsa kaye pakamwa pa wina kuti ifike. Sindikudziwa ngati mkulu wamwalirayu ndiye analemba za dazi lija, kapena anali mnzake. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu amatuma amene wafuna. Munthu anakhala pa desiki yake kufunafuna mawu oseketsa, osadziwa kuti akuyankha pemphero la mwana wa ku Malawi.

Ambuye atonthoze onse amene akumulira. Ndipo inu owerenga, makamaka amene muli m'chaka chanu choyamba m'dziko lachilendo, Ambuye akusungeni m'nyengo yozizira. Akupatseni munthu wokhala naye pafupi, amasule lilime lanu, ndipo nyumba zanu azidzaze ndi chimwemwe chomveka mpaka kwa oyandikana nawo. Ameni.