Chitenje pa Galasi la ku Mtendere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa beseni la zitumbuwa. Ndinkagulitsa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, pafupi ndi shedi ya ba Zulu, mmisiri wodula magalasi oonera. Tsiku lina wantchito wawo sanabwere, ndiye anandikodola kuti ndigwire mbali ina ya galasi lalitali. Titalitsamiritsa kukhoma anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti, "Iwe ugwila bwino. Mailo ubwele, koma usambe mafuta."

Mawa lake ndinabweradi, ndipo anandiphunzitsa kuviika daimondi, kachitsulo kodulira galasi, m'palafini, kukanda mzere kamodzi kokha motsatira rula, kenako kuthyolera galasilo m'mphepete mwa tebulo. Ukabwereza mzere, galasi limasweka kulowera kumene lifuna. M'mbali mwake timakhulamo ndi mwala wonyowa kuti musacheke munthu. Ine ndinadzicheka kangapo, ndipo ba Zulu ankayamba afunsa ngati galasi lili bwino.

Nyengo ya mvula itayamba anandituma ndekha koyamba ku Mtendere. Ba Mercy, mayi wa saluni, ankafuna galasi pa khoma la mpanda, kuseli kwa maluwa awo a m'matayala, kuti yadi izioneka yaikulu pa kicheni pate ya mwana wawo, phwando lolangiza mkwatibwi.

"Ukaika bwino, nchito ni yako," anatero ba Zulu. "Likafa, ubwelele ku vitumbuwa."

Ndinayeza ndi tepi, ndinaika levulo yoonera ngati mzere wawongoka, ndinaboola khoma ndi dirilo n'kumanga thabwa lokhalira galasi. Kenako ndinapaka silikoni kumbuyo kwake n'kulikanikiza. Galasi lomata choncho likagwira, silichoka lathunthu. Maluwa anaoneka ngati achuluka, ba Mercy anaimba nthungululu, ine kunyada ngati ndamanga nyumba.

Ndikulongedza zida, kumwamba kunada bii, kunagunda. M'yadimo munali zipinda za lendi, ndipo galasi langa linapenya ndendende khomo la amake Dalitso. Mayiwo anatuluka mwana ali kumsana.

"Imwe ba Mercy, chosani ichi chinthu manje manje! Mufuna kaleza atipaye na bana?"

Ankanena mphenzi. Tonse tinakula tikuphimba magalasi ndi nsalu mvula ikamagunda, ine ndemwe amayi ankandithamangitsa kukaphimba la pa kabati. Koma tsikulo m'mutu mwanga munali tepi ndi levulo basi. Amuna a amake Dalitso anabwera ndi chitsulo chozulira misomali, ndipo ba Mercy, amene sankafuna kudana ndi anthu awo a lendi, anangoyang'ana pansi.

Ndinaima kutsogolo kwa galasi, mantha ali tho. "Ba neba, nipaseniko kanthawi kang'ono chabe. Mukakana, mupwanye."

Ndinakhoma misomali iwiri ya konkire pamwamba pa galasi, ndinadula waya woyanikira zovala wa ba Mercy n'kuukunga pamisomaliyo. Ndinavula chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa ovolosi, ndinachipachika ndi mapegi, n'kuchikoka ngati katani.

Amake Dalitso anayandikira, anachikoka uku ndi uko, kenako anapukusa mutu. "Kafupika aka. Pa kona paonekela, kaleza ni wochenjela." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo chachikulu, anachipachika okha. Mvula inatipeza tonse pakhonde pawo tikuseka, amuna aja atabisa chitsulo kumbuyo kwa mpando. Iwo ndi ba Mercy anagwirizana kuti amene wayamba kumva kugunda ndiye azitseka kataniyo.

Mawa lake ndinawafotokozera ba Zulu zonse, osabisa. Anaseka mpaka misozi, kenako anandiponyera kiyi wa shedi. "Unapima chipupa, banthu sunabapime."

Lero ndimaika magalasi m'masaluni, m'mabafa ndi m'minda ya maluwa, ndipo kudula sindiopa. Koma ndikalowa m'yadi ya anthu, tepi imayamba yakhala m'thumba. Ndimaima pamene galasi likhale, ndimaona zitseko zonse zimene lizipenya, kenako ndimakagogoda chimodzi chimodzi.