Chitseko cha Galimoto ya Mkamwini

Kuseri kwa mashopu kuli galaja ya bambo wina wowongola magalimoto opindika, amene anthu anangowapatsa dzina loti a Chinyundo. Akhala akukhoma zitsulo kwa zaka makumi atatu. Khutu lakumanja linagontha kale, ndipo chala chachikulu chakumanzere chinaphwatalala ngati supuni. Koma chimene amatchuka nacho si luso lokha ayi: munthuyu sakhulupirira aliyense. Ukawapatsa moni amayamba ayang'ana nsapato zako, kuti aone ngati wachokeradi kumene ukunenako. Akazi awo amati tsiku lina adzafunsa mchere ngati ulidi mchere.

Khalidweli analitengera kuntchito. Aliyense wobweretsa galimoto amabwera ndi nkhani yake, ndipo zambiri zimakhala zophika. Pa mafomu a inshuwalansi onse amalemba kaliwu kamodzi komweko ka Chingerezi koti "hit", kaya galimoto yawomba mtengo, yagunda galu kapena yagendedwa ndi mwala. Zimenezi zimawanyansa a Chinyundo.

"Ulesi umenewo," amatero. "Kuwomba ndi kwina, kugunda ndi kwina, kumenya ndi kwinanso. Pepala silisiyanitsa, koma chitsulo chimasiyanitsa."

Malo opindika iwo amawatcha mabala. Amatsinzina, n'kuyendetsa chikhatho pabalapo pang'onopang'ono. Mtengo umasiya makungwa, polo ya magetsi imasiya mzere woongoka, galimoto inzake imasiya penti yake. Abusa ena anabwera kuti galimoto yawo yagundidwa ili pa tchalitchi. A Chinyundo anatokosa pabala ndi chikhadabo, n'kutulutsa penti yachikasu ya geti la kumowa la kumapeto kwa msewu. Abusawo sanabwerenso, ndipo a Chinyundo sanadandaule.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkazi wachisamba. Ndi munthu wa tayi, wogwira ntchito muofesi, waulemu wake wogwira m'manja ndi manja awiri. Pa anthu onse a m'dziko, uyu yekha ndiye a Chinyundo anasiya kumukayikira, chifukwa anamufufuza mokwanira asanakwatire.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Pepani ndakuvutitsani. Mbuzi inandidumphira dzulo pamsewu, ndiye chitseko chakumbuyochi chalowa mkati."

"Mbuzi?"

"Ee, bambo. Tonde wamkulu ndithu."

Mkamwiniyo anasiya makiyi n'kuthamangira kukakwera basi. Anaganiza kuti wachenjera kubweretsa galimoto kwa apongozi, poti kwa apongozi kulibe fomu ndipo kulibe mafunso.

A Chinyundo anagwada pa chiguduli, n'kuika chikhatho pachitseko. Pomwepo mtima wawo unayamba kukana. Mbuzi imagunda m'munsi, ndipo imasiya ubweya. Bala ili linali m'mwamba, lalikulu, lofewa m'mbali. Pentiyo sinakalike ngakhale pang'ono. Galimoto ikagundidwa ikuyenda, chinthucho chimakhula kulowera kumbuyo. Apa panalibe chokhula. Ndiye kuti galimoto inali chiimire, ndipo china chake cholemera chinakankhiridwa pachitsekopo mwamphamvu.

Anadzitonthoza kuti mwina ndi thumba la simenti, mwina mkamwini akubisa zoti anakangana ndi anzake kumowa. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo anafunitsitsa atalakwa. Kenako zala zawo zinakwera mpaka pamphepete pa windo, n'kupeza kabala kena kakang'ono kozungulira. Mu labala ya galasi munakodwa tingwe titatu ta meshi wofiirira, wa mtundu umene mwana wawo analukitsa kumutu sabata yatha. Anachita mantha.

Sanakhudze nyundo tsiku limenelo. Anamasula mabawuti, n'kuchotsa chitseko chonsecho, n'kuchikhomera m'kachipinda kosungira penti. Kenako anatseka galaja dzuwa lili pamutu, chinthu chimene eni mashopu anali asanachionepo.

Mwana wawoyo ndi telala, amasokera m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Anamupeza atavala duku lofika m'nsidze, akukankha nsalu pa makina ndi dzanja limodzi. Atamva mapazi anatembenuka thupi lonse, khosi osapinda.

"Ababa! Mwabwera masana ano? Kunyumba n'kwabwino?"

"N'kwabwino. Phewalo latani?"

"Ndinaterereka kubafa. Sopo."

"Bafa lanu lili ndi windo la galimoto?"

Makina anaima. Mwanayo anayang'ana ulusi. A Chinyundo, amene anazolowera kupanikiza anthu ndi mafunso mpaka thukuta, anangokhala pa kampando ka makasitomala, chipewa chili m'manja.

"Chitseko chija ndachisunga," anatero. "Sindichiwongola. Amene akufuna kuchiona, kaya ndi abale a mwamuna wako kaya ndi apolisi, adzachipeza mmene chililimo. Tseka muno, tikatenge ana kusukulu, tizipita kwathu."

Mwanayo anapinda nsalu ija mosamala, n'kuvundikira makina. Misozi inatsika koma mawu ake anali bata.

"Ndimadikira kuti mudzaona liti, ababa. Boneti ya mwezi wa Marichi ija munaiwongola tsiku limodzi, n'kumuuza mkamwini wanuyo kuti aziyenda bwino."

A Chinyundo anaikumbukira boneti ija. Anali atauzidwa kuti panagwera nthambi, ndipo sanayendetsepo chikhatho n'komwe. Anangonyamula chikwama cha mwana wawo, n'kutsogola pa masitepe kuti akaterereka agwere pa iwo.